Nyumba yakale ya kazembe ku Zanzibar ndi mnyamata yemwe tinamulipira kuti atifotokozere mbiri yake

Ife amene tinakulira kumtunda kwa Tsangano tinaloweza kusukulu kuti mapiri omwe timalimamo mbatatesi ndi kabichi amatchedwa Kirk Range, ndipo dzinalo tinkalilemba pa mayeso osafunsako kuti mwini wake anali yani, kapena kuti anachita chiyani kuti mapiri a eni ake azidziwika ndi dzina lake. Ine ndachita kumera imvi ndisanalifunse funsoli mofatsa, kufikira ulendo womwe ndinaperekeza alamu anga ku Dar es Salaam kukatenga galimoto yomwe anaitanitsa kuchokera ku Japan. Mapepala a galimotoyo anachedwa kutuluka padoko, ndipo titaona kuti masiku atatu tingowathera m'chipinda chogona alendo tikuwerenga ndalama zikutha, tinagwirizana zowolokera ku Zanzibar, womwe ndi ulendo wa maola pafupifupi awiri pa boti lothamanga. Ndemanga ino ndi ya ntchito yomwe tinagula kumeneko kwa kampani ina yaing'ono yoyendetsa alendo wapansi m'tauni yakale ya Stone Town, makamaka pa nyumba imodzi yomwe ndinachita kuipempha: nyumba yakale ya kazembe wa Britain, yomwe pambuyo pake inasanduka maofesi a kampani ya zamalonda ya Smith Mackenzie, ndipo pansi pake ife tinapezapo malo odyera. Ndikulembera makamaka anzanga a pa Ntcheu boma, Lizulu ndi Dedza amene amapita ku Dar kawirikawiri kukaoda zovala kapena kukatenga magalimoto, chifukwa ambiri akamva za Zanzibar amaganiza kuti n'kwa azungu osambira okhaokha.

Dzina la kampaniyo ndilisunga, popeza makampani otere ndi ambiri m'tauniyo ndipo anyamata awo amakuchingamira ukangotuluka pachipata cha doko, aliyense atanyamula kabuku ka zithunzi ndi chiphaso pakhosi. Yathuyi tinaipeza kudzera mwa mwini nyumba yomwe tinagonamo. Tinapangana kuti wotitsogolera atipeza 2 koloko masana, ationetsa malo akuluakulu kwa maola atatu, ndipo ulendowo ukathera pa nyumba ya kazembeyo dzuwa litapendeka kuti tikadye chamadzulo tikuyang'ana nyanja. Mtengo tinanenerera monga timachitira pamsika wa Lizulu, ndipo unatsika ndithu, zomwe zinandionetsa kuti mtengo woyamba kumeneko ndi moni chabe. Mnyamatayo anafika itatsala pang'ono kukwana 3 koloko, thukuta lili kamukamu, napepesa kuti gulu lina linamuchedwetsa. Anali waulemu, ankanditchula kuti "mzee" nthawi zonse, ndipo Chingerezi chake chinali chosalala kuposa changa, koma ola lomwe linatayikalo linalipidwa ndi miyendo yathu, chifukwa anatiyendetsa m'tinjira topanikizika ta tauniyo ngati anthu othawa mvula.

Za malo ena ndingolambalala. Anationetsa linga lakale lomwe Aarabu a ku Oman anamanga atathamangitsa Apwitikizi, nyumba yaikulu ya House of Wonders yomwe Sultani Barghash anamanga mu 1883 ndipo mbali yake ina inagwa mu Disembala 2020, kenaka tchalitchi cha Anglican cha ku Mkunazini chomwe chinayamba kumangidwa mu 1873 pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Pachipata cha tchalitchicho ndi pomwe tinasemphana Chichewa, ngakhale kuti Chichewacho iye sankachidziwa n'komwe: ife tinamva kuti ndalama yomwe tinapereka ikuphatikizapo zolowera, iye anati zolowera ndi zapadera, ndipo popeza panalibe chomwe chinalembedwa, tinapisanso m'thumba. Titatuluka anatilowetsa m'kasitolo ka mnzake ka ziboliboli ndi zonunkhiritsa zakudya, momwe tinatayamo mphindi makumi awiri zomwe sitinazipemphe, alamu anga n'kugulamo kapepala ka karafuu, timaluwa touma tomwe amathira mu tiyi ndi mu mpunga, pongoopa kuoneka amwano. Zonsezi zikanapeweka ndi kapepala kamodzi kolembapo zomwe tagwirizana, ndipo mbali ina ya vutolo ndi yanga, chifukwa munthu woti wagulitsa mbatatesi kwa mavenda zaka zonsezi sindinayenere kukhulupirira pangano la pakamwa.

Nyumba yomwe ndinaifunayo ili m'dera la Shangani, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kamtunda kochepa kuchokera pa bwalo la Forodhani. Munthu wofuna zokongola akhoza kuidutsa osaicheukira, chifukwa ilibe makhonde osemedwa ngati nyumba zina za amalonda a Chimwenye m'tauniyo. Ndi chinyumba chosanja cha makoma ochindikala chomwe chinamangidwira ntchito osati chionetsero. Apa mnyamatayo anayamba kubweza ndalama yathu. Anatigwiritsa khoma ndi manja, natifotokozera kuti nyumba za Stone Town zinamangidwa ndi miyala ya m'nyanja yomwe iwo amaitcha matumbawe, yomatidwa ndi laimu wootcha kuchokera ku miyala yomweyo, ndipo kuti anthu akamazikonza ndi simenti amaziwononga, chifukwa simenti imatsekera chinyontho m'kati, khomalo n'kuyamba kufumbutuka. Anatiuzanso kuti zipinda zambiri za m'tauniyo n'zazitali koma zopapatiza chifukwa denga lake linkagona pa mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja yotchedwa boriti, yomwe sitalika kwambiri, ndiye kutalika kwa mtengowo ndiko kunkalamula kukula kwa chipinda. Aliyense amene anamangapo nyumba ya mitengo ya bulugamu kwathu akhoza kumvetsa zimenezi msanga. Nyumba za m'mbali mwa madzi zinali ndi dongosolo lake, loti pansi n'posungira katundu wotsika ndi wokwera m'zombo, pamwamba pomwe pamawomba mphepo n'pokhala mwini wake. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, ya 1882, timaiona ngati gogo wa nyumba zonse za m'Malawi, koma pamene iyo inkamangidwa n'kuti inzakeyi itagwira kale ntchito zaka zoposa 40.

Woyamba kuikhala ngati kazembe anali Atkins Hamerton, msilikali yemwe anafika mu 1841, Sultani Seyyid Said atangosamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera pachilumbachi. Chomwe chinakoka Sultaniyo ndi chomwe chinakokanso akazembe, ndicho chuma: minda ya karafuu pachilumba pomwepo, minyanga ya njovu yochokera kumtunda, ndi anthu ogwidwa omwe ankanyamula minyangayo kenaka iwonso n'kugulitsidwa. Amereka anali atatsogola kale, ndi kazembe wawo kuyambira 1837, ndipo nsalu yawo yoyera inafalikira mpaka kumtunda ikutchedwa merikani. Hamerton anachititsa pangano la 1845 loletsa kutumiza akapolo ku Arabia, koma panganolo linasiya mpata woti malondawo apitirire pakati pa madoko a Sultaniyo m'gombe la Africa, choncho msika wa ku Zanzibar sunagwedezeke. Iyeyu ndiye analandira Richard Burton ndi John Speke kumapeto kwa 1856 asanayambe ulendo wawo wofunafuna nyanja za kumtunda, ndipo anamwalira pachilumba pomwepo mu 1857. Zonsezi mnyamatayo anazinena molondola ndiponso osayang'ana m'kabuku, ndipo pa mayina ndi zaka za azungu ndikumupatsa mapointi onse.

Pomwe ndinayamba kumva kuti ulendowu sanaukonzere anthu ngati ife ndi pamene anafika pa Christopher Rigby, yemwe analowa m'malo mwa Hamerton mu 1858. Mnyamatayo anangomutchula dzina n'kudutsa. Komatu Rigby ameneyu ndiye anauza David Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja yathu lokha ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya Zanzibar chaka chilichonse. Nambala imeneyi inachokera kwa munthu yemwe ankagwira ntchito m'nyumba yomwe tinaimamoyo, ndipo anthu owerengedwawo anali Amang'anja, Achewa, Ayao ndi ena a kwathu konkuno, omwe ankawoloketsedwa nyanja kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kapena kuzungulira nawo kumwera kwa nyanja kudzera kwa Mponda, n'kuyenda nawo m'magoli mpaka ku Kilwa asanawakweze m'zombo. Nditamuuza zimenezi mnyamatayo anaima kaye, nafunsa kuti Nkhotakota ili kuti. Sindikumunena kuti ndi mbuli, ayi, chifukwa iye anaphunzitsidwa nkhani yomwe alendo a ku Ulaya amafuna kumva, ndipo m'nkhani imeneyo akapolo amangotulukira padoko ngati alibe kwawo. Koma munthu wochokera ku Malawi akalipira ntchito imeneyi adziwiretu kuti theka la mbiriyo adzayenera kubwera nalo yekha m'mutu.

Kenaka tinafika pa mwini mapiri athu. John Kirk anali dokotala komanso katswiri wa zomera wochokera ku Scotland, yemwe anayenda ndi Livingstone pa ulendo wa mumtsinje wa Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 mpaka 1863, ndipo anali nawo pamene anafika pa nyanja yathu mu Sepitembala 1859. Livingstone ndiye anatcha mapiri a kumadzulo kwa chigwa cha Shire dzina la mnzakeyo. Mu 1866 Kirk anapita ku Zanzibar ngati dokotala wa ofesi ya kazembe, nakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala kazembe weniweni, ndipo anakhalako zaka pafupifupi 20. Chomwe amakumbukiridwa nacho chinachitika mu 1873. Nthumwi yaikulu ya Britain, Bartle Frere, inabwera kudzakakamiza Sultani Barghash kuti atseke malonda a akapolo a panyanja koma inabwerera chimanjamanja. Kirk, yemwe ankamudziwa bwino Sultaniyo, anamuopseza kuti zombo zankhondo zitseka chilumba chonse, ndipo pa 5 Juni 1873 Barghash anasaina, msika wa ku Mkunazini n'kutsekedwa. Nditamuuza mnyamatayo kuti ndimalima pa mapiri otchedwa dzina la munthu ameneyu, anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu, mpaka alamu anga anachita kumuonetsa mapu pa foni.

Ndinakondwa kuti sanamusandutse mngelo Kirkyo. Ananena yekha, ndisanamufunse, kuti mtolankhani Henry Morton Stanley anamuimba Kirk mlandu woti ananyalanyaza kutumiza katundu kwa Livingstone panthawi yomwe ankavutika kumtunda, ndiponso kuti mphamvu zomwe Kirk anali nazo pa Sultani ndizo zinasalaza njira yoti Zanzibar ikhale pansi pa Britain mu 1890, chaka chimodzi dziko lathu lisanalowe m'khola lomwelo. Ine ndinangowonjezera kuti kusaina kwa 1873 sikunamasule aliyense kwathu kuno tsiku lomwelo, popeza magoli anapitirira kuyenda m'mbali mwa nyanja yathu mpaka m'zaka za m'ma 1890, ndipo Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, komwe basi ya ku Dar imadutsa, anagonjetsedwa mu 1895. Ngakhale pa Zanzibar pomwepo, lamulo lothetsa ukapolo weniweniwo linadza mu 1897.

Pachimake pa ulendo wonse, malinga ndi mmene kampaniyo inaukonzera, ndi nkhani ya mtembo wa Livingstone, ndipo apa ndi pomwe ndinakhumudwa kwambiri. Mnyamatayo anatsitsa mawu, naloza m'kati mwa nyumbayo, nati mtembo wa munthu wamkuluyo unasungidwa muno mu 1874 utabweretsedwa ndi "antchito ake okhulupirika", kenaka n'kupita kukaikidwa ku Westminster Abbey ku London. Zoona zake n'zomwezo, koma antchitowo anali ndi mayina. Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, patatsala masabata asanu okha kuti msika uja utsekedwe. Anthu ake, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu, womwe kwathu timautcha muula, Jacob Wainwright nalemba mawu pa mtengowo. Thupilo analithira mchere, naliyanika padzuwa masabata awiri, nalikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo, n'kulinyamula miyezi isanu ndi inayi, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka ku Bagamoyo komwe anafika mu Febuluwale 1874. Aliyense wodziwa mwambo wa maliro kwathu aganize chomwe chimatanthauza kudutsa ndi mtembo wa mlendo m'midzi ya eni ake, mfumu ndi mfumu, kwa miyezi yonseyo. Ife adzukulu akanyamula bokosi kuchoka pa siwa kukafika kumanda timawaphikira nsima ndi kuwathokoza pagulu.

Chuma anali mwana wa Chiyao yemwe anamasulidwa m'goli mu Julayi 1861 kumapiri a Shire, pamene Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anakumana ndi gulu la akapolo ali pa ulendo wokayambitsa mishoni ya Magomero. Kunena kwina, mmodzi mwa atsogoleri a ulendo wa maliro umenewu anali mwana wa kwathu. Atafika kugombe, iye ndi Susi analipidwa n'kusiyidwa. Pa maliro a pa 18 Epulo 1874 panali Wainwright yekha mwa anthu akudawo, atagwira bokosi pamodzi ndi Kirk ndi Stanley, ndipo Chuma ndi Susi anawaitanitsa ku Britain pambuyo pake mwambo utatha kale, komwe anakathandiza kulongosola zolemba zomaliza za Livingstone. Chuma anabwerera ku Zanzibar, natsogolera maulendo ena akuluakulu a kumtunda kuphatikizapo wa Joseph Thomson wa 1879, ndipo anamwalira mu 1882 akadali wachinyamata. Nditatchula dzinali mnyamatayo anati analimvapo, nawonjezera kuti m'Chiswahili chuma ndi chitsulo. Ndinamuuza kuti m'chinenero chathu ndi katundu ndi ndalama, ndipo alamu anga, omwe sachedwa kuponya mawu, anati m'nyumba ya amalonda ngati imeneyi tanthauzo lathu ndi lomwe likanamveka msanga.

Mu 1874 ofesi ya kazembe inasamukira ku nyumba ina yapafupi yotchedwa Mambo Msiige, yomwe kwa zaka khumi m'mbuyomo munkakhala amishoni a Anglican a bungwe la UMCA omwe aja anachoka ku Magomero zinthu zitawavuta, ndipo lero ndi mbali ya hotela ya Park Hyatt. Nyumba yathuyi inatsala m'manja mwa amalonda, ndipo kampani ya Smith Mackenzie inagwiriramo ntchito zaka pafupifupi 100, mpaka m'zaka za m'ma 1970. Alamu anga atamva dzinalo anandikodola nati, "Alamu, kodi si Mackenzie wa ku Magomero yemwe uja ameneyu? Ndiye kuti abishopu anali ndi golosale?" Ndinawayankha kuti abishopu anamwalira ndi malungo mu 1862 kufupi ndi Chiromo, ndipo awa anali Asikotishi ena, amalonda, omwe anali nthumwi za kampani ya sitima zapamadzi ya British India ya William Mackinnon. Sitima za kampani imeneyi zinayamba kunyamula makalata pakati pa Aden ndi Zanzibar mu 1872, ngalande ya Suez itangotsegulidwa mu 1869, ndipo kuyambira pamenepo katundu ndi makalata zinayamba kufika pa nthawi yodziwika m'malo modikira mphepo ya nyengo monga zinkachitira zombo za matanga. Amene anali nthumwi ya sitimazo ndiye anagwira khomo la malonda. M'nyumbamu munkalembedwa ziphaso za katundu, munkagulitsidwa matikiti, ndiponso munkakonzedwa maulendo a kumtunda, kuphatikizapo wa Stanley wa 1887 wokapulumutsa Emin Pasha, bwanamkubwa wa dera lina la kumwera kwa Sudan, womwe amtengatenga ake mazanamazana analembedwa ntchito ku Zanzibar mothandizidwa ndi kampaniyi. Mackinnon yemweyo ndiye anayambitsa Imperial British East Africa Company mu 1888, yomwe inatsegula njira ya utsamunda ku Kenya ndi Uganda. Ife tikudziwa mmene African Lakes Company ya abale a Moir inatsogolera mbendera kwathu kuyambira 1878. Nkhani yake ndi yofanana, ndipo oyambitsa makampani onse awiri anali a ku Scotland.

Zaka 100 zimenezi mnyamatayo anazimaliza m'ziganizo ziwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikuona kuti ntchitoyi ili yopunduka kwenikweni. Akazembe anakhala m'nyumbayi zaka 33, mtembo uja unangogonamo kanthawi kochepa, koma amalonda ndi omwe anaikhala nthawi yaitali kuposa onse, ndipo ndi amene anaisunga kuti isagwe. Ine monga munthu amene tsiku lomwelo ndinali kudikira pepala la padoko, ndinaona kuti alembi a m'maofesi amenewa, olemba katundu, omasulira zinenero, oyeza minyanga ndi karafuu pa sikelo, ndi makolo enieni a ma ejenti omwe ankatizunguza ku Dar, ndipo ndikanakonda kumva za iwo kuposa kumva kachitatu kuti Burton ankadziwa zinenero zambiri. M'nthawi ya kampaniyi ndi momwe munachitika nkhondo ya pa 27 Ogasiti 1896, pamene zombo za Britain zinaphwanya nyumba ya Sultani m'mphindi zosakwana 45, kamtunda kochepa kuchokera pamawindo amenewa. Mnyamatayo anaifotokoza moseketsa ngati nkhondo yaifupi kwambiri padziko lonse, koma ine sindinaseke, chifukwa mu Okutobala chaka chomwecho asilikali a boma lomwelo anapha Inkosi Gomani Chikuse kwathu ku Ntcheu. Kampaniyo inaonanso kuukira kwa pa 12 Januwale 1964 komwe kunachotsa Sultani womaliza, ndi kulumikizana kwa Zanzibar ndi Tanganyika mu Epulo chaka chomwecho, ife tisanalandire ufulu mu Julayi. Amalondawo atachoka, nyumbayo inapita m'manja mwa boma, ndipo patapita zaka, alendo atayamba kuchuluka maka Stone Town italowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lapansi mu 2000, pansi pake panatsegulidwa malo odyera otchedwa dzina la Livingstone.

Za chakudya ndilibe dandaulo. Matebulo ena ali m'kati, pansi pa denga lalitali pomwe pamazizira popanda makina, ena ali panja pa mchenga, ndipo ife tinasankha panja. Ndinaitanitsa nsomba yootcha ya m'nyanja ya mchere ndi mpunga wophikidwa ndi mkaka wa kokonati. Nsombayo inali ya mnofu wolimba, ya minga yochepa, yosiyana kwambiri ndi chambo chomwe chimafuna kuti munthu adye akuyang'anitsitsa, ndipo anaikoleretsa ndi ndimu ndi tsabola mosapyola muyezo. Mpungawo unali wonona mwakuti ndiwo zikanachepa ukanadyeka wokha. Alamu anga anayesa pweza, chilombo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, atalimbikitsidwa ndi mnyamata uja; anatafuna nthawi yaitali ali chete, kenaka anati n'chokoma koma akafika kumudzi sakanena kuti anadya. Tchipisi chomwe chinabwera nacho tinachiweruza ngati alimi, ndipo tinagwirizana kuti chinakazingidwa bwino, ngakhale kuti mtima wa munthu wa ku Tsangano suvomera msanga mbatata ya kwina. Operekera zakudya anali odekha, ndipo sanatithamangitse titakhalitsa pa tiyi wa zonunkhira dzuwa likulowa, zombo za matanga zikubwerera kugombe, anyamata a m'tauni akuchita masewera odumpha pa mchenga. Mitengo yake ndi ya malo onse a m'mbali mwa nyanja kumeneko, yoyezedwa ndi thumba la mlendo woyenda ndi madola, choncho wa makwacha ayambe waona pepala la zakudya asanakhale pansi. Amene thumba lapepuka akhoza kungomwa tiyi kapena madzi a zipatso pamenepo kuti aione nyumbayo, n'kukadya ku Forodhani komwe madzulo amagulitsa zootcha ndi madzi a nzimbe othira ndimu ndi jinja, koma kumenekonso afunse mtengo chakudya chisanaikidwe m'mbale.

Tsono kodi ndalama ya wotsogolera alendo inagwira ntchito? Ndikuti inagwira, koma osati yonse. Popanda iye tikanasochera m'tinjira tija, sitikanadziwa za matumbawe ndi boriti, ndipo nyumbayo tikanaiona ngati malo omwera tiyi basi. Mnyamatayo anali woona mtima pa zomwe ankadziwa, sanapeke nkhani pofuna kutisangalatsa, ndipo pomwe ndinamutsutsa sanakwiye. Anatulutsa foni n'kulemba mayina a Chuma, Nkhotakota ndi Magomero, nandifunsa kalembedwe kake. Cholakwa chachikulu chili kwa omwe anamukonzera zoti azinena, omwe anadula mbiri ya nyumbayi kuti ikwane m'khutu la mlendo wa mtundu umodzi. Amene mukufuna kupita, pemphani ulendo wa m'mawa kuti wokutsogolerani asakhale atatopa ndi gulu lina, lembetsani papepala ngati zolowera zili momwemo, nenani poyambirira kuti kusitolo ya ziboliboli simukufunako, ndipo muuzeni kuti pa nyumba imeneyi mukufuna theka la ola osati mphindi zisanu. Musachite manyazi kufunsa, paja safunsa anadya phula. Pasipoti musaisiye ku Dar poganiza kuti ndi dziko limodzi, chifukwa padoko la Zanzibar amaiona, ndipo tikiti ya boti kwa ife akunja ndi yokwera kuposa ya eni dziko. Amayi avale zofika m'munsi ndi zophimba mapewa, popeza anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu. Chitenje chathu chimakwanira bwino lomwe.

Mapepala a galimoto anatuluka tsiku lachinayi. Tinayenda kudzera ku Morogoro, Iringa ndi Mbeya, tinalowa pa Songwe, ndipo pa Karonga alamu anga anachepetsa liwiro nandifunsa kuti kwa Mlozi kuja n'kuti. Tinagona ku Mzuzu, ndipo mawa lake madzulo, titadutsa Dedza ndi Lizulu, tinaima pa Tsangano Turn-off kuti tigule tomato ndi anyezi wa kunyumba. Mayi wina wogulitsa ataona nambala yachilendo pa galimotoyo anafunsa komwe tikuchokera, ndipo alamu anga, akuloza mapiri omwe anali atayamba kuchita mdima kumadzulo, anayankha kuti, "Mayi, tikuchokera kwa a Kirk, eni ake a mapiri awo." Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati iwo mapiriwo amawadziwa kuti ndi a Ambuye Mulungu ndi a Inkosi Gomani, kenaka anawonjezera tomato awiri a basela m'jumbo.